Chenjezo: Tsabola ndi Mandimu Sizipha Tizilombo mu Nyama Yogaya

Chakudya cha ku Mexico chotchedwa chiles rellenos ndi tsabola wamkulu amene amamuchotsa njere n'kuikamo nyama yogaya, nyemba, chimanga kapena tchizi. Mumzinda wa Puebla m'dzikolo, kumene chakudyachi chimadziwika kwambiri, amagwiritsa ntchito tsabola wa poblano ndipo nthawi zambiri amamuviika m'mazira n'kumukazinga m'mafuta. Amene akufuna kuchepetsa mafuta amamuphika mu uvuni n'kuchulutsa nyemba, anyezi ndi tomato, ndipo zimenezi n'zabwino ndithu.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi chikhulupiriro chakuti tsabola wowawa ndi madzi a mandimu zimapha tizilombo toyambitsa matenda, kotero kuti nyama yosapsa bwino ilibe vuto bola ikhale ndi zokometsera zokwanira. Limeneli ndi bodza. M'chaka cha 2008 anthu oposa 1,400 anadwala ku United States chifukwa cha tizilombo ta Salmonella timene tinapezeka pa tsabola wa jalapeño ndi serrano wochokera ku Mexico. Tizilomboto tinali pa tsabola yemweyo amene anthu amati amateteza!

Nyama ikamagayidwa, tizilombo tomwe tinali pamwamba timafalikira paliponse, mpaka m'kati. Ikaikidwa yaiwisi m'tsabola, kunja kumafewa ndi kupsa msanga pamene pakati kutentha sikunafike. Choncho yambani mwaikazinga payokha mpaka ipseretu, kenaka muiike m'tsabola. Amene ali ndi choyezera kutentha aonetsetse kuti nyama yang'ombe yogaya yafika pa 71°C ndipo yankhuku pa 74°C. Musadalire mtundu wa tsabola kapena kusungunuka kwa tchizi, chifukwa zimenezi sizikuuzani chilichonse za nyama yomwe ili m'kati. Ndipo kufinyira mandimu pamwamba sikusintha kanthu.

Tsukani tsabola ndi madzi aukhondo, sambani m'manja ndi sopo, ndipo mpeni ndi thabwa zomwe zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze masamba musanazitsuke. Nyemba zouma ziwire bwino mpaka zipse. Chakudya chotsala chilowe mufiriji pasanathe maola awiri, makamaka ngati munasakaniza mpunga.

Zizindikiro za matenda obwera ndi tizilombo ta m'chakudya ndi kupweteka m'mimba, kusanza, kutentha thupi ndi kutsekula m'mimba. Salmonella imayamba kuonekera pakati pa maola 6 ndi masiku 6, pamene tizilombo tina totchedwa E. coli O157:H7 nthawi zambiri timatenga masiku atatu kapena anayi, moti banja limakhala litaiwala kale zimene linadya. Ena amati ndi tsabola chabe amene wawotcha m'mimba, n'kumadikira kuti zisiya zokha. Tikupempha ndi mtima wonse: musadikire. Tsabola sachititsa munthu kuchita chimbudzi cha magazi kwa masiku angapo, ndipo mwa ana aang'ono E. coli imatha kuwononga impso.

Ngati mwana, mayi woyembekezera kapena wokalamba akutsekula m'mimba za magazi, akukodza pang'ono kwambiri, watupa nkhope kapena wafooka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, uku mukumumwetsa ORS. Musamugulire mankhwala oimitsa kutsekula m'mimba kapena maantibayotiki popanda kuuzidwa ndi dokotala, chifukwa pa matenda a E. coli mankhwalawa angathe kuwonjezera vutolo.