Boma si kampani, ngakhale mutaikamo katswiri wa makompyuta

Tikamacheza ku Mbare kuno mu Harare, miyendo itatopa ndi mizere ya zitupa, sipalephera wina wonena kuti: "Angotenga bwana wa kampani ya mafoni n'kumupatsa unduna, zonsezi zitha mwezi umodzi." Maganizowa ndi akalekale, koma ndi olakwika.

Khomo lolowera lilipo ndithu. Malamulo a Zimbabwe amalola Pulezidenti kusankha nduna zingapo kunja kwa Nyumba ya Malamulo chifukwa cha luso lawo. Poyamba zinali 5, mu 2021 anakweza kufika pa 7. Ku Nigeria, Bosun Tijani, mmodzi mwa oyambitsa CcHUB, malo othandiza makampani atsopano a zamakompyuta ku Lagos, anapatsidwa unduna mu 2023.

Koma munthu akalowa amakapeza zina. Kukampani bwana akafuna makompyuta atsopano amangosayina, katundu n'kubwera. M'boma ndalama zimadikira bajeti yovomerezedwa ndi aphungu, ndipo pogula zinthu ogulitsa amayenera kupikisana, bungwe loona za kagulidwe ka zinthu m'boma la PRAZ likuyang'anira. Wantchito wa boma sungamuchotse ndi uthenga wa pa WhatsApp. Komanso kampani imathamangira amene ali ndi ndalama, pamene boma liyenera kutumikiranso agogo a ku Epworth, kufupi ndi Harare, omwe foni yawo ndi ya mabatani.

Elon Musk, bwana wa kampani ya Tesla, anaziona yekha: anayamba ntchito ya DOGE yochepetsa ndalama zimene boma limawononga ku America mu Januwale 2025, pofika kumapeto kwa Meyi n'kuti akutsanzika.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi masheya. Ngati ndunayo ikadali ndi gawo m'kampani imene bungwe loona za mafoni la POTRAZ limayang'anira, laisensi ikatuluka, opikisana nayo aja adzakhulupirira bwanji kuti sipanadutse chinyengo?