Seva ya Minecraft ya anzanu: kuyatsa n'kosavuta, kusunga dziko ndiye ntchito

Achinyamata ofuna kutsegula seva ya Minecraft akabwera kwa ine, funso lawo loyamba limakhala lakuti agule RAM yochuluka bwanji. Ndimawayankha, koma si pamene pagona nkhani. Kuyatsa seva ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mumatsitsa fayilo ya server.jar kwa Mojang, kampani imene imapanga Minecraft, mumaiyendetsa, imakana kupitirira mpaka mutatsegula eula.txt n'kusintha false kukhala true, basi dziko labadwa. Mavuto amayamba anthu akatha miyezi akumanga mudzi wawo, mudzi wonsewo uli m'foda imodzi yotchedwa world pa kompyuta yanu. Pulogalamu ikawonongeka mumangotsitsa ina. Foda imeneyi ikatayika palibe kumene mungakaipeze, ndipo ntchito yomwe yatayikayo si yanu nokha.

Ndiye tiyambire pakhomo. Seva ya Java Edition, mtundu wa Minecraft wa pa kompyuta, imadikira alendo pa port (khomo lolowera) 25565, ndipo zimenezi si chinsinsi. Pali mapulogalamu amene usana ndi usiku amangoyesa adiresi iliyonse ya pa intaneti kuona ngati nambala imeneyi ili yotsegula. Kunena kuti "adiresi ndauza anzanga okha" sikukutetezani. Mu fayilo ya server.properties muli mizere iwiri yosanyengerera: white-list, mndandanda wa mayina ololedwa kulowa, ikhale true, online-mode ikhalenso true. Wachiwiriwu ndi umene umadzetsa mkangano, chifukwa pagulu sipasowa mnzanu amene sanagule masewerawa ndipo akukuchondererani kuti muuzimitse. Mukatero, seva imasiya kutsimikizira kwa Mojang ngati wolowayo ali mwini dzina weniweni. Aliyense akhoza kulemba dzina lanu n'kulowa ngati inuyo, ndi mphamvu zanu zonse za op, zolamulira seva. Whitelist pamenepo imakhala ngati mlonda amene amangofunsa dzina osayang'ana nkhope.

Ngati vuto ndi ndalama, pali njira yoyera. Luanti, imene mpaka 2024 inkatchedwa Minetest, ndi yaulere, imayenda pa foni za Android ndi pa makompyuta okalamba, ndipo ma mod ake, zowonjezera pa masewerawo, amaikidwa pa seva pokha. Si Minecraft ayi, koma kukumba ndi kumanga kuli momwemo.

Seva ikhale kuti? Laputopu yakale ya kunyumba imatha ndithu, ndipo ili ndi ubwino umene anthu amaupeputsa: batire. Magetsi akazima seva ili mkati molemba, fayilo ya chigawo cha dziko ikhoza kuwonongeka, mawa lake n'kupeza dzenje pamene panali nyumba ya munthu. Chopinga china ndi netiweki. Amene intaneti yawo imadzera pa SIM khadi nthawi zambiri alibe adiresi yawoyawo, amagawana imodzi ndi makasitomala ena ambiri kudzera mu CGNAT. Mutha kutsegula port pa rauta tsiku lonse, wakunja sadzakupezani. Apa amathandiza ndi Tailscale kapena ZeroTier, zimene zimalumikiza makompyuta anu ngati muli m'nyumba imodzi, ndipo zimatsekanso khomo lija kwa alendo. Mukasankha kuchita lendi seva, ganizani kumene anzanu ali. Ngati ambiri ali ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Joni, yambani mwayesa ya ku Johannesburg musanathamangire ku Frankfurt kapena ku London chifukwa cha mtengo. Aliyense ayeze ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita pa seva ndi kubwerako, musanalipire, popeza waya wa intaneti satsata njira imene mapu akuonetsa. Realms, seva ya lendi ya Mojang, imakuchotserani zonsezi, koma imalola mwini ndi anthu 10 pa nthawi imodzi, ndipo ya Java siilandira ma mod.

Tsopano za RAM zija. Seva imayendetsa dziko mogunda ngati wotchi, ka 20 pa sekondi, ndipo kugunda kulikonse kumatchedwa tick. Ndiye kuti pa tick iliyonse ili ndi mamilisekondi 50 okha kuti isunthe ng'ombe iliyonse, ikulitse tirigu, iyendetse madzi ndi redstone (magetsi a m'masewerawa), iganizire zombie aliyense kumene akupita. Ikamaliza nthawi isanathe, palibe amene amadandaula. Ikapitirira 50, dziko lonse limayamba kuchedwa kwa onse nthawi imodzi: mumaswa mwala, umabwereranso pamalo pake. Pafupifupi ntchito yonseyi imagwiridwa ndi core imodzi ya purosesa. N'chifukwa chake makina a ma core 16 ofooka amagonja kwa makina a ma core 4 othamanga, ndipo kuwonjezera RAM pa seva imene inali nayo kale yokwanira sikusintha kanthu. Kwa anthu ochepa opanda ma mod, 2 GB mpaka 4 GB imakwana.

Chimene chimadya mamilisekondiwo ndi kukula kwa dziko limene lili maso. Dziko lagawidwa m'ma chunk, iliyonse ma block 16 m'litali ndi 16 m'lifupi. Pa view-distance ya 10, imene seva imabwera nayo, munthu mmodzi amatsegula ma chunk 21 kuchulukitsa ndi 21, ndiwo 441. Mukatsitsa kufika pa 6 amakhala 169. Anthu akakhala mudzi umodzi amagawana ma chunk omwewo, koma aliyense akalowera kwake nambalayo imachulukana. Kuyambira pa Minecraft 1.18 pali mzere wina, simulation-distance, umene umakulolani kuona patali pamene zamoyo zikuyenda pafupi pokha. Ndimayamba kutsitsa umenewu. Cholemera kuposa zonse ndi kupanga malo atsopano: mnzanu mmodzi wouluka ndi mapiko otchedwa elytra kupita kumene sikunafikidwepo amachedwetsa onse otsala kumudzi. Pulogalamu yowonjezera yotchedwa Chunky imapangiratu malowo usiku, anthu atagona. Ndipo musanaloze munthu chala, yendetsani pulogalamu ina yotchedwa spark, ikuuzeni chimene chikudya nthawi. Kawirikawiri si mlendo ayi, ndi khola la nkhuku za mwini seva, kapena ma villager amene wina anawadzaza m'chipinda chimodzi.

Pa nkhani yowonjezera zinthu, ambiri amasokoneza plugin ndi mod. Plugin imakhala pa seva pokha, anzanu amalowa ndi masewera awo wamba. Mzera wa maseva olandira ma plugin unayamba ndi Bukkit, imene inagwa mu 2014 pa mkangano wa umwini wa code, chaka chomwecho Microsoft inagula Mojang pa madola 2.5 biliyoni. Spigot inapitiriza, ndipo lero ambiri amagwiritsa Paper. Paper ndi yopepuka, koma imatseka zinyengo zina za masewerawa, monga zochulukitsa TNT, ndiye katswiri wa redstone pagulu lanu adzabwera kudzadandaula kuti makina ake afa. Kwa gulu lotero, Fabric, pulogalamu yoyendetsa ma mod, yokhala ndi mod ya Lithium ndi yabwino chifukwa imapepukitsa seva osasintha malamulo. Plugin imene ndimaiona yaphindu kwambiri kwathu kuno ndi Geyser, pamodzi ndi Floodgate: imalola amene ali ndi Bedrock, mtundu wina wa Minecraft, pa foni kulowa seva ya Java. Kumene mafoni ali ambiri kuposa makompyuta, imeneyi ndi imene imadzaza mudzi.

Mod imene imabweretsa ma block atsopano, makina kapena nyama, kaya pa Forge, NeoForge kapena Fabric, iyenera kukhala pa kompyuta ya aliyense, ya mtundu womwewo ndi nambala yomweyo. Mmodzi akasiyana, amakanidwa pakhomo, ndipo foni imene imalira ndi yanu. Koma chachikulu n'chakuti mod yotere imalowa m'dziko lenilenilo. Mukaichotsa, zonse zomangidwa ndi ma block ake zimasowa. Wolemba wake akatopa n'kusiya, seva yanu yonse imaima pa nambala imeneyo, chifukwa simungakweze popanda kugwetsa nyumba za anthu. Kukweza nakonso ndi ulendo wosabwerera, dziko lotsegulidwa pa mtundu watsopano silibwereranso bwino ku wakale. Java, pulogalamu imene seva imayenderapo, nayo imasintha: 1.18 inafuna Java 17, 1.20.5 inafuna Java 21. Mod iliyonse muziifunsa ngati mudzaifunabe chaka chamawa. Za modpack ya ma mod mazana, kumbukiraninso amene adzaitsitse ndi bandulo ya pa foni.

Mod ndi pulogalamu yathunthu, ndipo ikhoza kuchita chilichonse pa kompyuta imene yaikidwa. Mu June 2023 kachilombo kotchedwa fractureiser kanalowa m'ma mod ena pa CurseForge ndi pa tsamba la Bukkit, n'kumaba mapasiwedi a anthu. Ngati zinachitika pa malo odziwika chonchi, fayilo ya .jar yotumizidwa pa WhatsApp musaikhudze n'komwe. Mu December 2021, vuto la Log4Shell linapangitsa kuti uthenga wolembedwa pa chat ulande seva, ndipo Mojang inatulutsa 1.18.1 kutseka mpatawo. Wofuna kukhala pa mtundu wakale chifukwa cha ma mod atsimikize kuti chigamba chimenechi chilipo.

Zonsezi zikutibweza ku foda ija. Kuikopera seva ikuyenda n'koopsa, chifukwa mutha kutenga fayilo ili pakati polembedwa. Pa seva lembani lamulo la save-off, kenako save-all flush, koperani, mumalize ndi save-on. Kopeyo ichoke pa kompyutayo, ipite pa fulashi kapena pa Google Drive. Musunge zingapo za masiku osiyana, popeza kuwonongeka kwina kumaoneka patapita sabata. Pa zowononga za anthu, plugin ya CoreProtect imalemba amene waswa kapena kuika block iliyonse ndi amene watsegula bokosi, ndipo imabweza za munthu mmodzi osakhudza za ena. Imathetsanso milandu ya diamondi yosowa isanafike pa gulu la WhatsApp. Op musapatse munthu chifukwa ndi msuweni wanu. Plugin ya LuckPerms imagawa mphamvu pang'onopang'ono, uyu athe kuthamangitsa wovuta koma asathe kudzipatsa katundu.

Kamodzi pa mwezi, tengani kope imodzi, muitsegule pa kompyuta ina ngati seva yoyesera, mulowe, muyende mpaka pa nyumba imene inamangidwa posachedwapa. Pa seva yoyesera yomweyo ndi pamene muyenera kuyambira kuika mod yatsopano iliyonse musanaipititse kwa anzanu.