Mawu akuti "nano" pabotolo si umboni woti ndi mankhwala

Ntchito yanga ndi kufufuza tizinthu ting'onoting'ono totchedwa nanomaterials ndi zomwe timachita tikalowa m'thupi, ndipo pali funso lomwe landitopetsa, chifukwa ndimalimva ku Ulónguè, ku Moatize ngakhalenso mu chapa: "Aphunzitsi, madzi a silivawa alembapo kuti nano, ndiye kuti ndi amphamvu?"

Mawuwa amangonena za kukula kwa chinthu basi. Timayeza ndi nanomita, ndipo tsitsi limodzi ndi lonenepa pafupifupi nanomita 80,000, pomwe tizinthu tomwe timafufuzati sitipitirira 100. Kuchepako ndiko kumatidetsa nkhawa, pakuti kanthu kotere kamafika mkatikati mwa mapapo. Aliyense amene anapukutapo fumbi la malasha pawindo ku Moatize akudziwa kuti fumbi silipempha chilolezo.

Mu 2008, ofufuza a ku Edinburgh anapeza kuti ma carbon nanotubes aataliatali, omwe ndi timachubu ting'onoting'ono ta kaboni, amatupitsa m'kati mwa mbewa monga momwe amachitira asibesitosi. Titanium dioxide, yoyeretsa masiwiti, inadyedwa kwa zaka zambiri mayiko a European Union asanailetse m'zakudya mu 2022. Ife timatha zaka tikuyeza kanthu kamodzi tisanayerekeze kunena kuti ndi kabwino, koma wogulitsa pamsika amalonjeza machiritso asanamalize n'komwe kuwerenga ndalama zanu.

Siliva womwedwa sachiza matenda aliwonse, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zakudya ku America, linanena kale mu 1999 kuti palibe umboni woti ndi wothandiza kapena wosavulaza. Akachuluka m'thupi, khungu limasanduka lotuwa mobiriwira ndipo silibwereranso mwakale.

Komabe chomwe chimandisowetsa tulo si khungu ayi, ndi nthawi yomwe imatayika. Mayi wina wa ku Tsangano anandibweretsera botolo la madzi a siliva atalikulunga m'chitenje, nati amuna awo, mlimi wa kachewere, akhala akumwa kachivundikiro kamodzi m'mawa uliwonse chifukwa cha chifuwa cha miyezi itatu. Ine ndinaliika botolo padzuwa, n'kuyamba kuwafotokozera za kukula kwa tizinthuto ngati ndili m'kalasi, ndipo iwo anangoti, "Zikomo, aphunzitsi," n'kulikulunganso. Sindinawafunse ngati bambowo akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, ndipo sindinawauze mawu okhawo omwe anafunika, oti apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Pomwe bambowo ankawayeza makhololo patapita mwezi wina, anawapeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo mwana wawo wamng'ono anali atayamba kale kutsokomola.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6 mosadumphitsa, ndipo amene ali pa ma ARV asawasiye chifukwa cha botolo lililonse, ngakhale wogulitsayo atavala chovala choyera ngati dokotala. Ngati mwamwa kale madziwo, tengani botololo mukawaonetse anamwino, muwauzenso kuti munayamba liti.