Vitamini E ndi mtima: wa m'ndiwo ngokwanira, wa m'botolo samalani naye

Anthu ambiri amene angopezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi amandifunsa kuti, "Adokotala, makapisozi a vitamini E aja angandithandize mtima?" Ndimawayankha kuti ayi. Komabe funsoli sindilitenga mopepuka, chifukwa madokotala enieni nawonso ankakhulupirira zomwezi kwa zaka zambiri, ndipo zifukwa zake zinali zomveka.

Vitamini E anatulukiridwa mu 1922 ndi Herbert Evans ndi Katharine Bishop ku yunivesite ya California, ku Berkeley. Amasungunuka m'mafuta, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuteteza mafuta a m'thupi kuti asawonongeke ndi mpweya wa okosijeni, monga momwe mafuta ophikira amasinthira fungo akakhalitsa. Kolesitero wa mtundu wa LDL, omwe ndi mafuta ena a m'magazi, akawonongeka chotere amalowerera m'khoma la mtsempha wa magazi, n'kuyamba kuunjikana mpaka njira ya magazi itachepa. Ndiye akatswiri anaganiza kuti munthu akamamwa vitamini E wambiri, mitsempha ikhala yotseguka.

Mu 1993 ganizoli linapeza mphamvu. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America, atatsatira anamwino oposa 87,000 komanso amuna ogwira ntchito zachipatala pafupifupi 40,000, anapeza kuti amene ankamwa vitaminiyu ankadwala mtima mocheperako ndithu. Mabotolo anayamba kuyenda malonda. Koma kafukufuku wotere amangoonerera zimene anthu akuchita okha. Munthu amene amagula vitamini mwezi ndi mwezi nthawi zambiri ndi yemwenso sasuta, amadya bwino, amayenda, ndipo amapita kuchipatala msanga. Kodi chomwe chinawateteza ndi kapisozi kapena moyo wawo wonsewo?

Njira yodziwira ndi kugawa anthu mwamaere: ena amwe vitamini weniweni, ena amwe kapisozi wofanana naye koma wopanda mankhwala. Atachita zimenezi, chiyembekezo chija chinatha. Kafukufuku wa HOPE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2000, anayesa anthu oposa 9,500 omwe anali pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima. Atamwa 400 IU (IU ndi muyezo wa mlingo wa mavitamini) tsiku lililonse kwa zaka zinayi ndi theka, panalibe phindu. Atawatsatirabe kwa zaka zina, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2005 zinaonetsa kuti vuto la mtima kulephera kupopa bwino magazi linali lochulukirako mwa amene ankamwa vitaminiyo. Ku Britain, kafukufuku wa Heart Protection Study wa mu 2002 anayesa anthu oposa 20,000: mavitamini sanathandize, koma mankhwala otsitsa kolesitero a simvastatin anachepetsadi imfa mwa anthu omwewo. Mu 2008, kafukufuku wa madokotala aamuna oposa 14,000 ku America sanapezenso phindu, m'malo mwake sitiroko yobwera chifukwa cha kutuluka magazi mu ubongo inachuluka. Amuna akumbukirenso kuti mu 2011 kafukufuku wa SELECT anapeza khansa ya prostate itakwera ndi 17 peresenti mwa amene ankamwa vitamini E.

Thupi limafunadi vitamini E, koma wochepa: munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 15 pa tsiku. Tengani botolo la kufamase muwerenge pambali pake. Mukaona palembedwa 400 IU, dziwani kuti kapisozi mmodzi ali ndi mlingo woposa kakhumi umene thupi likufuna. Ndipo mamiligalamu 15 aja savuta kupeza kwathu kuno. Mtedza wodzaza manja, nkhwani kapena bonongwe wotendera nsinjiro, peyala limodzi, supuni ya mafuta a mpendadzuwa m'ndiwo, mango pa nyengo yake: zonsezi zili naye. Chomwe chimandikondweretsa ndi chakuti ndiwo zotendera, zimene ena amaziona ngati za osauka, zimabweretsa vitaminiyu limodzi ndi mafuta abwino omwe amathandiza kuti alowe m'thupi. Ingosankhani mtedza wanu bwino. Wachuku ndi wofota tayani, chifukwa uli ndi poizoni wowononga chiwindi.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona munthu akuwononga ndalama pa makapisozi pomwe mankhwala a BP wasiya, ati akumva bwino. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi mpaka tsiku limene munthu wagwa ndi sitiroko. Zimene zatsimikizika kuti zimateteza mtima ndi kumwa mankhwala a BP ndi a shuga mosadumphitsa, kusiya fodya, kuyenda ndawala masiku ambiri pa sabata, ndi kuchepetsa mchere. Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'usipa wouma ndi m'buledi womwe.

Alipo odwala ochepa amene matumbo awo satenga bwino mafuta, ndipo dokotala amawalembera vitamini E pa chifukwa chimenecho, amenewo apitirize. Koma ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kugwirana monga warfarin kapena asipulini, vitamini E wochuluka amawonjezera vuto la magazi kusagwirana. Botolo lomwe muli nalo pitani nalo kwa dokotala wanu akalione, makamaka ngati mukuyembekezera opaleshoni.