Musanagumule kakhoma ka kumaso kuti galimoto yamagetsi izigona pakhomo

Abale athu amene agula nyumba kuno ku England akundifunsa funso limodzimodzi masiku ano: "Ndagula galimoto yamagetsi. Ndikufuna kuchotsa kakhoma ka kumaso, ndithire simenti pamene pali maluwa, ndizitchajira pakhomo. Malo ndi angaanga, kodi n'kupemphanso ku khonsolo?" Ngati nyumbayo ili mu conservation area, dera limene khonsolo imateteza maonekedwe ake chifukwa cha mbiri yake, funsani ku khonsolo mmisiri asanafike ndi hamala yake. Zimene ndikunenazi ndi za ku England. Ku Scotland ndi ku Wales malamulo ake ndi osiyanako.

Chifukwa chofunira kutchajira pakhomo n'chomveka. Magetsi a m'nyumba msonkho wake wa VAT ndi 5 peresenti, pamene pa machaja a m'misewu ndi 20 peresenti, ndipo makampani ambiri amatsitsa mtengo usiku. Munthu wogwira mashifiti, wofika kunyumba mbandakucha, sangafune kuzungulira tauni kusaka chaja yopanda mzere.

Koma madera amenewa ali ndi mbiri yake. Anayamba ndi lamulo la Civic Amenities Act la 1967, ndipo loyamba linali tauni ya Stamford ku Lincolnshire. Lero alipo pafupifupi 10,000. Chimene chimatetezedwa ndi maonekedwe a msewu wonse. Imani pamsewu wa nyumba zogundizana za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria muone: timakoma ta njerwa tofika m'chiuno tandanda mzere umodzi, tizipata tachitsulo, kanjira ka matailosi akuda ndi oyera kolunjika pachitseko. Kakhoma kamodzi kakachoka, msewuwo umaoneka ngati mkamwa moguluka dzino lakutsogolo. Ndime 72 ya lamulo la 1990 loona za nyumba zakale ndi madera otere imalamula khonsolo kusamala kwambiri kuti maonekedwewo asungidwe kapena akongole koposa.

Chaja yeniyeniyo sivuta. Yokhoma pakhoma, yosapitirira 0.2 cubic metre, imaloledwa popanda kupempha, bola nyumbayo isakhale pamndandanda wa nyumba zotetezedwa, komanso malowo akhale oti galimoto imaimapo kale movomerezeka. Mawu omalizawa ndi amene ambiri amawadumpha. Nkhani yonse yagona pa malo oimikapowo.

Tiyambe ndi pansi. Madzi atasefukira m'chaka cha 2007 ku Hull, ku Sheffield ndi kwina, lamulo linasintha mu Okutobala 2008. Kuwaka bwalo la kumaso loposa masikweyamita 5 ndi zinthu zosalowa madzi kumafuna chilolezo, pokhapokha madziwo azitsetserekera pakapinga kapena pamaluwa m'bwalo momwemo. Timiyala kapena mabuloko olowetsa madzi pansi amathetsa vutoli.

Khoma ndiye loopsa. Mu conservation area, kugwetsa khoma, mpanda kapena chipata cha m'mbali mwa msewu chotalika mita imodzi kapena kuposa popanda chilolezo ndi mlandu wa kukhoti. Ngakhale kakhoma kakhale kafupi, makhonsolo ambiri anaika lamulo lotchedwa Article 4 Direction, limene limachotsa ufulu wochita zina popanda kupempha. Kawirikawiri limakhudza zomwe mukufunazo, kugumula mpanda ndi kuwaka bwalo. Limasiyana msewu ndi msewu, choncho mawu akuti "aneba anachita chaka chatha" si umboni. Mwina anapempha, mwina anachita lamulolo lisanabwere, mwinanso kalata yawo ili m'njira. Lowani pa webusaiti ya khonsolo, muone mapu a dera lanu. Okhala m'mafulati ufulu wowaka bwalo popanda kupempha alibe n'komwe. Ndipo ngati pali mtengo umene thunthu lake laposa mamilimita 75 m'mimba mwake poyeza mita ndi theka kuchokera pansi, muyenera kudziwitsa khonsolo masabata 6 musanaudule.

Langizo langa kwa aliyense n'lakuti ayambire ku ofesi yoona za misewu, chifukwa n'kumene mapulani ambiri amafera. Kuti galimoto idutse pa njira ya oyenda pansi pamafunika dropped kerb, kutsitsa mphepete mwa msewu, ndipo chilolezo chake n'chapadera, cha ndime 184 ya Highways Act ya 1980. Makhonsolo ambiri amafuna bwalo lotalika pafupifupi mamita 4.8 kuchokera pakhoma la nyumba, kuti galimoto isatulutse mbuyo panjira n'kukankhira mumsewu mayi wa ngolo ya mwana kapena munthu wa panjinga ya olumala. Mabwalo ambiri a nyumba zakale safika pamenepo. Tengani tepi muyeze lero, musanalipire wojambula mapulani. Akhozanso kukana chifukwa cha mtengo wa mumsewu, pholo la magetsi, mphambano yapafupi, kapena malo oimikapo magalimoto a anthu onse amene angatayike. Msewu ukakhala wa gulu A, B kapena C, khomo latsopanolo limafunanso chilolezo cha mapulani.

Bwalo likakwana, lembani pempho losonyeza kuti mwauona msewu wanu. Siyani gawo lalikulu la khoma, mutsegule pongokwana galimoto imodzi, zipilala mumangenso ndi njerwa zakale zomwezo, kanjira ka matailosi musakakhudze, theka la bwalo likhalebe la zomera. Werengani chikalata cha khonsolo chofotokoza zimene amaziwerengera m'dera lanu, conservation area appraisal, muyankhe mfundo zake. Yankho limayenera kubwera m'masabata 8, ndipo akakana muli ndi masabata 12 ochitira apilo ku Planning Inspectorate, bungwe la boma lomva ma apilo a mapulani.

Musadalire kwambiri mfundo yakuti galimotoyo siwononga mpweya. Maofesala amaimva, koma chilolezo chimatsalira malo. Inu mukasamuka khoma silibwerera, ndipo wogula nyumbayo akhoza kuimikapo ya dizilo. Pamenepa ine ndimagwirizana nawo. Chimene chimandipweteka ndi khonsolo yokana pempho osapereka njira ina, pamene boma likufuna kuti magalimoto atsopano a petulo ndi dizilo okhaokha asiye kugulitsidwa mu 2030. Njira zilipo. Ku Oxfordshire anayesa kangalande kopyapyala kodutsa panjira ya oyenda pansi, kamene chingwe chimagonamo osapunthwitsa munthu, ndipo galimoto imatchajidwa ndi magetsi a m'nyumba ili mumsewu. Ku London mapolo ambiri a magetsi anaikamo machaja. Funsani ngati khonsolo yanu imalola kangalandeko, ndipo ngati siilola, lemberani khansala wanu. Kungoyala chingwe panjira ayi: wina akapunthwa n'kuvulala, mlandu ukhoza kukhala wanu.

Amene munawaka kale popanda kufunsa, dziwani kuti kuyambira mu Epulo 2024 khonsolo ili ndi zaka 10 zoti ikhoza kukulamulani kubwezeretsa zinthu mmene zinalili, pa ntchito zomalizidwa kuchokera nthawiyo. Pogulitsa nyumba, loya wa wogula adzafunsanso mapepala ake. Pempho la chilolezo cha ntchito yochitika kale limaloledwa, ndipo ndi bwino kulitumiza kalata ya khonsolo isanafike.