Gitala ya D'Gary inachokera ku maliro a ku Betroka

Munthu ukamva D'Gary, woimba gitala wa ku Madagascar, koyamba osamuona, umaganiza kuti ndi anthu awiri kapena atatu akuimba limodzi, wina akugwira besi, wina akuthamangitsa mawaya ang'onoang'ono aja, wina akumenya kanthu pambali. Koma ayi ndithu ndi munthu mmodzi, gitala imodzi, ya mawaya 6 yomweyi yopanda ndi magetsi omwe. Ine ndinachita kubwereza kangapo pa YouTube kuyang'anitsitsa zala zake kuti ndikhulupirire. Ndiye anthu ambiri akunja amangoti ndi luso lobadwa nalo basi nkhani yathera pomwepo, koma ine ndimaona kuti akamatero akudumpha mbali yaikulu, chifukwa kaimbidwe kameneka kali ndi kwao, ndipo kwaoko ndi kummwera kwa Madagascar, dziko la ng'ombe, fumbi ndi maliro otenga masiku.

Choyamba mudziwe kuti gitala ku Madagascar inapeza anthu ali kale ndi zoimbira za mawaya zaozao. Pali valiha, nsungwi yaikulu yomwe mawaya ake amazungulira mbali zonse, kale ankachita kusenda khungu la nsungwi yomweyo nkukhala mawaya. Imeneyi inabwera ndi makolo awo ochokera kutali ku zilumba za Indonesia, paja ngakhale chiyankhulo cha Chimalagasi chimagwirizana kwambiri ndi cha anthu ena a ku Borneo kusiyana ndi ziyankhulo zathu za kuno. Kenako pali marovany, bokosi lathabwa la mawaya mbali ziwiri zonse, nthawi zambiri mawaya ake amasula ku kebulo ya mabuleki a njinga. Amene munaonako bangwe mukhoza kuyerekeza pang'ono, kungoti marovany ndi yaikulu ndipo manja onse awiri amasinthana, uku kamodzi uku kamodzi, mwakuti nyimbo imangotsika ngati madzi osaima. Marovany ndi imene amaimba pa miyambo ya mizimu yotchedwa tromba. Pali lokanga, ya mawaya atatu yokwecha ndi uta. Palinso kabosy, kagitala kabokosi komwe anyamata amakhoma okha, ena amaikako ulusi wowedzera nsomba.

Ndiye gitala ya azungu itafika, anthu sanaitenge ngati mphunzitsi, anaitenga ngati mlendo woti aphunzire chiyankhulo cha pakhomo. Kumtunda ku Antananarivo, likulu la dzikolo, kunabadwa kaimbidwe kotchedwa ba gasy, komwe gitala imatsanzira piyano ya m'masewero a zisudzo a nthawi ya atsamunda achi France, ndipo masiku ano dzina lodziwika pa kaimbidwe kameneka ndi Erick Manana yemwe anakhazikika ku Bordeaux. Kummwera zinayenda mwina. Ku Toliara, tauni ya m'mbali mwa nyanja moyang'anizana ndi Mozambique, cha m'ma 1970 achinyamata ankagwira pa wailesi nyimbo za ku South Africa zodutsa pa nyanja, nkuzisakaniza ndi magule akwao, mpamene panatuluka tsapiky, nyimbo yothamanga koopsa ya gitala yamagetsi yomwe mpaka lero ndi imene imalira pa maukwati, pa mdulidwe ndi pa maliro kumeneko, masipika atamangiriridwa pamtengo jenereta ikulira usiku onse.

D'Gary, dzina lake lenileni Ernest Randrianasolo, anabadwa mu 1961 ku Antananarivo, dziko litangolandira ufulu chaka chimodzi chapitacho. Bambo ake anali a chitetezo, aja amawati gendarme, ndiye ntchito inkawasamutsa, mwana uja anakulira ku Toliara komwe anayamba kugwiragwira gitala ya mkulu wake. Sukulu ya nyimbo sanapiteko, zowerenga manotsi ayi, kunali kumvera ndi kuyesa basi. Koma mtundu wake ndi wa Bara, anthu oweta ng'ombe za malinunda m'zigwa za kummwera, ndipo cha mu 1978 banja linabwerera kwao ku Betroka, bambo aja anamwalira nthawi yomweyo iye ali mnyamata wa zaka ngati 17.

Apa mpamene pali mutu wa nkhani yonse. Kwa a Bara maliro si za tsiku limodzi, pali mwambo wotchedwa havoria, abale amasonkhana kuchokera kutali, ng'ombe zimaphedwa, anthu amalira, amaimba, amavina, usana ndi usiku. Mnyamata wokulira m'tauni uja anamva nyimbo za mtundu wake zili pamalo pake penipeni, osati pa wailesi, komanso pa maliro a bambo ake omubala, ndiye tangoganizani mmene zinamulowera. Kulira kwa amayi, mayankhidwe a gulu, marovany, lokanga, zonsezo anafuna zituluke pa gitala. Vuto ndi loti gitala ukaichuna mwa masiku onse muja siingayankhule ngati marovany, zala zimakanika kufika. Iye anayamba kumasula mawaya ena, kukunga ena, kufunafuna mpaka waya aliyense ukangomukhudza osagwira pakhosi pa gitala azilira mogwirizana ndi mnzake. Anapeza machunidwe ambirimbiri akeake, nyimbo ina machunidwe ena, nchifukwa chake oimba gitala ambiri akayesa kukopera nyimbo zake amangotopa, chifukwa akuyambira pa gitala yochunidwa molakwika kale. Chala chachikulu chimayendetsa besi, chala cholozera chimathamanga pamwamba, nthawi zina amatsamwitsa waya ndi chikhatho kuti imveke ngati ng'oma. Amene amamuperekeza kawirikawiri amangogwira katsa, kachitini kothiramo timbewu kapena timiyala, ngati maseche.

Chomwe chimandikhudza ine nchoti kwa zaka zambiri munthu ameneyu ankadya za gitala yamagetsi, kuimba m'mabandi a dansi, anayendapo ndi bandi ya Feon'ala m'madera osiyanasiyana, kenako ku Antananarivo kuimbira ena, moyo wovuta wa ganyu, pomwe zija za ku Betroka ankangoziimba payekha kuseri. Zimene dziko lonse linadzamudziwa nazo ndi zomwe panthawiyo zinalibe msika.

Zinatembenuka mu 1991. Oimba gitala awiri a ku America, Henry Kaiser ndi David Lindley, anafika ku Madagascar ndi zipangizo zojambulira, anakhalako masabata awiri akujambula oimba osiyanasiyana, akuluakulu ngati Rakoto Frah woimba chitoliro cha sodina, gulu la Tarika Sammy, Rossy, ndi Dama wa gulu lotchuka la Mahaleo. Zomwe anajambulazo zinatuluka ku kampani ya Shanachie mu 1992 pa chimbale cha A World Out of Time, ndipo D'Gary anali momwemo. Alendo aja atamva gitala yake anamujambulira chimbale chakechake, Malagasy Guitar. Kenako iye ndi Dama anapita ku Louisiana kukajambula The Long Way Home yomwe inatuluka mu 1994. Ku France kampani ya Label Bleu inatulutsa Horombe mu 1995 ali ndi bandi yake ya Jihé, kenako Mbo Loza, kenako Akata Meso. Horombe ndi dzina la chigwa chachikulu cha udzu cha kwao kwa a Bara, ndiye mukuona kuti ngakhale ali ku Ulaya mutu unali kumudzi. Mu 2009 anayenda m'mizinda ya ku America ndi Béla Fleck, katswiri wa banjo, pamodzi ndi Toumani Diabaté wa ku Mali ndi Vusi Mahlasela wa ku South Africa.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimasowa D'Gary akamaimba m'maholo akunja, anthu atakhala phee pa mipando kudikira kuomba m'manja. Iwo amamva gitala yokoma yoziziritsa mtima, pomwe mawu ake akunena zowawa. Amaimba za dahalo, mbava za ng'ombe. Kale kwa a Bara kuba ng'ombe unali ngati mwambo, mnyamata ankaonetsa kuti wakula ndipo akhoza kukwatira, koma zinasintha nkukhala magulu a mfuti ootcha midzi ndi kupha anthu, ng'ombe nkumagulitsidwa kutali, ndipo dera la Betroka ndi limodzi mwa madera omwe avutika kwambiri ndi zimenezi. Amaimba za chilala, za umphawi, za akuluakulu odya ziphuphu pomwe anthu wamba akugona kutchire kuthawa. Mwana wa gendarme kuimba za dahalo, nkhaniyi amaidziwa mbali zonse ziwiri.

Pambuyo pake anapanga gulu ndi anzake awiri a kummwera komweko, mayi woimba Monika Njava ndi Régis Gizavo wa akodiyoni, wobadwira ku Toliara yemwe anakhala zaka zambiri ku France. Gululo analitcha Toko Telo, kutanthauza mafuwa atatu aja ogwira mphika pamoto. Chimbale chao choyamba chinatuluka mu 2017, ndipo mu July chaka chomwecho Gizavo anamwalira ku Corsica komwe anapita kukaimba. Otsalawo sanaphwasule gulu, anatenga woimba gitala wachinyamata, Joël Rabesolo, nkubwereranso mu situdiyo.