Ana okana sailuti ya mbendera ndi khoti lomwe linabweza mawu ake

Mwana akangokana kuyimba nyimbo ya fuko pa asembule timathamangira kunena kuti ndi mwano, makolo ake analephera kulera. Komatu mkanganowu ndi wakale, ndipo 14 Juni, tsiku lomwe ku America amakumbukira mbendera yawo, ndi tsikunso lomwe khoti lawo lalikulu linaugamula mu 1943.

Zinayamba mu 1935 ku Minersville, katauni ka migodi ya malasha ku Pennsylvania. Lillian Gobitas wa zaka 12 ndi mlongo wake William wa zaka 10, ana a Mboni za Yehova, anasiya kuchitira sailuti mbendera poti kwa iwo zinali zofanana ndi kugwadira fano. Anawachotsa sukulu. Bambo awo, omwe anali ndi golosale, anakasuma nkuwina m'makhoti awiri, koma mu Juni 1940 Supreme Court, khoti lalikulu lija, inawagwetsa, majaji 8 kwa mmodzi. Jaji Felix Frankfurter analemba kuti umodzi wa dziko ndiye maziko a chitetezo chake, ndipo masiku omwewo asilikali a Hitler anali akulowa mu France, ndiye mantha anali paliponse. Jaji Harlan Stone yekha ndi amene anaikira anawo kumbuyo.

Zomwe zinatsatira nde zoopsa. Anthu anamva ngati khoti lanena kuti a Mboni ndi oukira dziko, ku Kennebunk ku Maine anawotcha Nyumba ya Ufumu, ku Richwood ku West Virginia anawamwetsa mafuta otsegula m'mimba mokakamiza nkuwamanga pa chingwe chimodzi nkuwayendetsa mtauni, wapolisi ali pomwepo. Bungwe loteteza ufulu wa anthu la ACLU linawerenga a Mboni pafupifupi 1,500 omwe anachitidwa chipongwe mu 1940. Wina atha kunena kuti a ACLU anali mbali yawo kale, inde, koma unduna wa zachilungamo nawo unalandira madandaulo mazanamazana, nde sizokokomeza ayi.

Mu 1942 majaji atatu, Hugo Black, William Douglas ndi Frank Murphy, analemba poyera kuti chigamulo chija chinali cholakwika. Olemba mbiri ena amati ndi ziwawa zija zinawagwedeza, ena amaloza kuti m'khotimo munalowa majaji atsopano, Robert Jackson ndi Wiley Rutledge, komanso Stone anali atakhala mkulu wa majaji. Ine ndimaona kuti zonse zinathandiza. Ndiponso sailuti ya nthawiyo inali yotambasula mkono kutsogolo, yofanana zedi ndi ya chipani cha Nazi, mpaka mu Disembala 1942 anaisintha kuti dzanja lizikhala pamtima.

Nde pomwe mlandu wa Barnette, wa ana enanso a Mboni okana sailuti ku West Virginia, unafika kukhotilo mu 1943, komwe kholo likanatha kulipitsidwa madola 50 ndi kukhala kundende masiku 30, zinthu zinatembenuka, 6 kwa 3. Jackson, yemwe analemba chigamulocho, sanautsamiritse pa chipembedzo chokha, anati boma silingakakamize munthu kulankhula zomwe sakhulupirira, choncho ufuluwu ndi wa mwana aliyense, wa Mboni kaya ayi.

Kuno pafupi zinayenda mosiyana. Ku Zambia mu 1967, pa mlandu wa Feliya Kachasu, mtsikana wa pulayimale ku Mufulira, jaji Blagden anavomereza kuti ufulu wa chikumbumtima chake unaphwanyidwa, komabe anati lamulo loyimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sailuti mbendera ndi lofunika pa chitetezo cha dziko, mwanayo nkuluza mlandu.